Kusankha kondomu yabwino ndi kuivala moyenera

Tsiku lina m'kalasi la akulu tinaika mabuku pambali n'kuyamba kuwerenga zolembedwa pa zinthu za kunyumba: paketi ya shuga, sopo, botolo la mankhwala a mwana. Pomaliza ndinatulutsa kapaketi ka kondomu. Amayi anaphimba kukamwa ndi kapulana, abambo anayamba kuwerenga nsungwi za kudenga. Koma titafika pa manambala a pa kapaketiko, manyazi anatha ndipo mafunso anaculuka mpaka dzuwa kupendeka. Ena mwa mafunso aja ndikuwayankha pano.

Kondomu, imene ambiri kuno timaicha kamizinya, ndi kathumba kopyapyala ka mphira. Imagwira nchito ziwiri nthawi imodzi: imaletsa mimba, ndiponso imachinga HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana monga cinzonono. Jakisoni, mapiritsi ndi zoika pamkono zimaletsa mimba yokha, matenda ayi. Kafukufuku wa INSIDA wa caka ca 2021 anapeza kuti m'dziko lathu la Moçambique, pa anthu akulu 8 alionse, mmodzi ali ndi HIV. Munthu woteroyo sadziwika ndi maso. Akhoza kukhala wonenepa, wamphamvu, wolima munda waukulu.

Makondomu amaperekedwa ulere ku zipatala za boma. Acinyamata angapite ku SAAJ, khomo limene linakonzedwera iwo. Ena amagula Jeito kapena mitundu ina ku baraka ndi ku farimasiya. Pali anthu amene amanyoza aulere, amati cinthu cosagula sicilimba. Si zoona. Kondomu yaulere yosungidwa bwino imaposa yodula imene yakhala miyezi yambiri padzuwa pa benchi la pamsika.

Apa ndi pamene sukulu yathu ija ikuthandizeni. Tembenuzani kapaketi, funani mawu akuti VAL, Validade kapena EXP. Pafupi pake pali manambala. Nambala yaifupi ndi mwezi, yaitali ndi caka. Mwacitsanzo, mukaona 08/2027, ndiye kuti kondomuyo ikutha mphamvu mwezi wa 8, Agosto, caka ca 2027. Nthawi zina caka cimayamba kutsogolo, motere: 2027/08. Tanthauzo ndi lomwelo. Samalani, pena pamakhala madeti awiri. Loyambirira ndi la nthawi imene inapangidwa, lakutsogolo ndi la kutha kwake. Ngati mwezi umenewo unadutsa, tayani basi, ngakhale paketi ikuoneka yatsopano.

Kenako finyani kapaketi pang'ono ndi zala. Kabwinobwino kamamveka ngati kali ndi mpweya mkati. Kakakhala kophwa, koboola kapena kodontha mafuta, musakagwiritse nchito. Mphira imadana ndi kutentha. Conco thumba lakumbuyo la buluku si malo ake, makamaka kwa inu abambo opalasa njinga tsiku lonse. Pansi pa malata otentha si malo akenso. Isungeni m'bokosi kapena m'cikwama ca zovala, pozizira, pamene ana safika.

Za ukulu, yomwe imapezeka kucipatala imakwana amuna ambiri cifukwa imatamuka. Ikakhala yothina kwambiri ingaphulike, ikakhala yokhwepa ingavuke, ndiye yesani mtundu wina. Zonunkhira ndi za timizeremizere ndi nkhani ya kukonda kwanu, citetezo cake n'cimodzimodzi.

Tsopano kavalidwe. Ndilankhula mosabisa, tonse ndife akulu.

Ng'ambani paketi ndi zala m'mbali mwake. Mano, lumo ndi mpeni ayi. Kondomu ivalidwe cida ca mwamuna citadzuka, cisanakhudze thupi la mkazi ngakhale pang'ono. Ambiri amalakwa pamenepa: amayamba opanda, n'kumati avala cakumapeto. Timadzi timene timatsogola umuna usanatuluke tikhoza kukhala ndi HIV, tikhozanso kupereka mimba.

Yang'anani kondomu musanaiike. Imaoneka ngati kacipewa, ndipo mkombero wake wopindidwa uyenera kukhala kunja kuti itambasuke yokha. Mukaiika cozondoka n'kuona kuti ikukana kutsika, musaitembenuze. Yakhudza kale thupi, tengani ina. Mwamuna wosadulidwa ayambe wabweza khungu lakunsonga. Tsinani kansonga ka kondomu ndi zala ziwiri kuti mpweya utuluke, ndipo ndi dzanja linalo itsitseni mpaka kutsinde. Kansongako ndi malo a umuna. Mukasiyamo mpweya, ndi pamene imaphulikira.

Mukamaliza, musagone tulo muli momwemo. Mwamuna agwire mkombero wa kondomu kutsinde, atuluke cida cisanafote. Aivule ali patali pang'ono ndi mkazi, aimange mfundo, akaiponye m'cimbudzi ca dzenje. Osaitaya kuseri kwa nyumba. Ana akaitola amaiuzira ngati baluni. Kondomu imodzi ndi ya ulendo umodzi. Mukafuna kubwereza usiku womwewo, tengani yatsopano. Siicapidwa.

Bambo wina m'kalasi muja anati iye amavala ziwiri kuti citetezo cikule. Anzake anaomba m'manja, koma ndinawakhumudwitsa. Mphira ziwiri zikamakhulana zimang'ambana msanga. Imodzi yovalidwa bwino ndi yokwanira. A bungwe loona za umoyo padziko lonse, OMS, amati pa mabanja 100 ogwiritsa nchito kondomu moyenera nthawi zonse kwa caka cathunthu, amayi 2 okha ndi amene amatenga mimba. Koma mmene anthu ambiri amacitira, lero avala mawa aiwala, amayiwo amafika 13.

Mafuta nawo ndi msampha. Vaselina, mafuta ophikira ndi mafuta odzola amafooketsa mphira m'kanthawi kocepa. Ngati pali pouma, funsani anamwino kapena a ku farimasiya mafuta oterera opangidwa ndi madzi, amene pa paketi pamalembedwa lubrificante. Ndipo kwa amayi anzanga ndi alangizi athu ndinene ici mwaulemu: mankhwala oumitsa kumaliseche amacititsa kondomu kung'ambika, amasiyanso timabala tosaoneka timene HIV imaloweramo mosavuta.

Mphekesera ija yakuti m'makondomu muli tizilombo munaimva, eti? Amati ukathiramo madzi n'kuika padzuwa umaona tinthu tikuyenda. Tinthuto ndi timadontho ta mafuta oterera amene amapakidwa ku fakitale. Mafuta sasakanikira ndi madzi, amangoyandama, monga amacitira pamwamba pa msuzi.

Iliponso kondomu ya amayi. Ndi yaikulupo, ili ndi mikombero iwiri. Mayi amafinya mkombero wamkati n'kuulowetsa mpaka mkati ndithu, wakunja umatsala kunja. Akhoza kuivala nthawi isanakwane. Pogonana aonetsetse kuti mwamuna walowa mkati mwa kathumbako, osati m'mbali mwake. Pocotsa apotokole mkombero wakunja asanaimirire, kuti umuna usatayike. Ya amayi ndi ya abambo sizivalidwa pamodzi, sankhani imodzi. Poyamba imavuta pang'ono, conco pemphani anamwino akuonetseni.

Funso lolemera linacokera kwa mayi wina wacikulire: "Aphunzitsi, nanga amuna anga akabwera kucokera ku nchito ku Moatize kapena ku Joni, ndingawauze bwanji?" M'kalasi munangoti zii. Yankho lofulumira ndinalibe. Cimene ndaona cikuthandiza n'cakuti nkhaniyi isayambire pamphasa usiku. Iyambike masana, mitima ili pansi, ndipo iyambe ndi kupita awiri kukayezetsa magazi. Zotsatira zikadziwika, anamwino amakuthandizani kukambirana. Alipo mabanja ambiri amene mmodzi ali ndi HIV, winayo alibe, ndipo akukhala bwino: wodwalayo amamwa ma ARV tsiku lililonse, kondomu ili pafupi.

Nanga ikaphulika kapena kuvukira mkati? Mayi aicotse ndi zala zoyera, asambe kunja kokha, osatsuka mkati ndi sopo. Kukangoca pitani kucipatala, mukanene zimene zacitika mosazungulira. Pali mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi, amene amamwedwa pasanathe masiku 5, ndipo amagwira bwino mukafulumira. Palinso mankhwala oteteza ku HIV amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, kutanthauza masiku 3, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Anamwino akafunsa mafunso, adzaona ngati mukufunika kuwalandira. Ngati zacitika Lacisanu usiku, musadikire Lolemba.