Bayleaf: Nyumba Yogwidwa ndi Zikhomo

Ku Singleton, m'chigawo cha West Sussex ku England, kuli malo osungirako nyumba zakale otchedwa Weald and Downland Living Museum. Imodzi mwa nyumbazo ndi Bayleaf, ya mlimi wopeza bwino, yomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400. Kwawo kwenikweni ndi ku Chiddingstone, ku Kent. Pomanga damu la Bough Beech m'zaka za m'ma 1960, anaiphwasula mtengo umodziumodzi n'kukaiimikanso ku Singleton.

Kusamukako kunatheka chifukwa makoma a nyumba yotere sasenza kanthu. Kulemera konse kuli pa nsanamira, mitanda ndi phaso za mtengo wa oak. Amisiri ankausema ukadali wauwisi, poti ukauma umalimba kwambiri. Nsonga ya mtanda ankaisema kuti ilowe ndendende m'bowo la nsanamira, kenako n'kukhomamo chikhomo chamtengo, osati msomali. Apa ndiye pagona luso lonse, ndipo n'losiririka. Ankayamba alumikiza mitengoyo ili pansi, n'kuidinda zizindikiro kuti tsiku loimika uliwonse upeze mnzake. M'mipata yotsala ankalukamo timitengo n'kumata dothi, monga timamatira kwathu kuno.

Pakati pa nyumbayi pali chipinda chachikulu chopanda siling'i. Ukakweza maso umaona denga lenilenilo. M'menemo ndimo banja ndi antchito ankadyera. Moto ankausonkha pansi, pakatikati, popanda chumuni, ndipo utsi unkadzipezera wokha njira m'mipata ya denga. Mazenera analibe magalasi, ankangotsekedwa ndi matabwa kukazizira.

Mbali ziwiri zakumapeto n'zosanja. Kwina ankasungako chakudya ndi mowa, kwinako kunali kwa mwininyumba, ndipo chipinda chake chapamwamba chili ndi kachimbudzi kotulukira kunja kwa khoma. Zipinda zapamwambazi zimatulukira pang'ono kutsogolo kuposa zapansi. Malo ankawonjezeka ndithu, koma wodutsa pamsewu ankadziwanso kuti pakhomopo si pa munthu wamba.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1500, eni nyumba zoterezi anayamba kumangamo chumuni cha njerwa n'kuyala matabwa pamwamba pa chipinda chachikulu chija, mpaka maonekedwe ake oyamba anabisika. N'chifukwa chake akatswiri akafika pa nyumba yakale ku Kent kapena ku Sussex amakwera kudenga ndi tochi. Akapeza phaso zakuda bii ndi mwaye, amadziwa kuti nyumbayo inamangidwa chumunicho chisanabwere.