Kaleredwe ka ana pakati pa misulu

Ana athu ambiri aonapo pa foni kanyama kotchedwa meerkat, kataima ndi miyendo yakumbuyo kakuyang'ana uku ndi uku. Kanyamaka kwathu kuno kulibe. Kwawo ndi m'chipululu cha Kalahari, ku Botswana, Namibia ndi South Africa. Koma mbale wake tili naye: msulu, uja wa mizeremizere kumsana, wogona m'chulu chakale. Ku nkhalango ya Kasungu misulu ikadalipo, pamene kuno ku Nsaru ndi ku Kabudula, kumene tchire lasanduka minda ya fodya ndi chimanga, achinyamata ena amangoumva dzina.

Misulu imakhala m'magulu, kawirikawiri khumi mpaka makumi anayi. Imagona m'dzenje limodzi, ndipo pakapita masiku ochepa imasamukira ku lina. Kukacha imamwazikana kukumba mphutsi, chiswe ndi abongololo, ikulira motsitsa kuti isatayane. Nkhandwe ikayandikira, imaunjikana pamodzi n'kumayenda ngati chinyama chimodzi chachikulu, mpaka mdaniyo abwerere.

Chotidabwitsa ife ndi kaleredwe ka ana. Kwa a meerkat, mayi mmodzi wolamulira ndiye amabereka ana ambiri a gululo, enawo n'kumangothandiza kulera. Kwa misulu si choncho. Akatswiri amene akhala akutsatira misulu ku Mweya, m'nkhalango ya Queen Elizabeth ku Uganda, kuyambira m'ma 1990, anapeza kuti zazikazi zingapo zimatenga bere nthawi imodzi ndipo nthawi zambiri zimaswa usiku umodzi womwewo. Ana amasakanikirana m'dzenjemo, n'kumayamwa kwa mayi aliyense amene ali ndi mkaka. Gulu likapita kosaka chakudya, ina imatsalira kulondera anawo.

Akakwanitsa pafupifupi mwezi, ana amatuluka, ndipo aliyense amadziphatika kwa msulu wamkulu mmodzi. Kawirikawiri sakhala mayi wake kapena bambo wake. Nthawi zambiri amakhala wamphongo. Mleziyu amamupatsa chakudya, amamunyamula pakagwa zoopsa, ndipo kamwanako kamamulondola paliponse, n'kumathamangitsa anzake ofuna kumulanda. Apa mpamene kamaphunzirira kusaka. Misulu ina imaswa chakudya cha chigoba cholimba pochiluma, ina pochiponya pamwala kudzera pakati pa miyendo yakumbuyo, ndipo mwana amatengera njira ya mlezi wake.

Tisawayamikire mopyola. Mayi akafulumira kuswa anzake asanaswe, ana ake amaphedwa ndi zazikazi zinzake; n'chifukwa chake kuswa tsiku limodzi kumateteza ana. Gulu likakula kwambiri, zazikazi zazikulu zimapirikitsa zazing'ono moziluma. Magulu awiri akakumana m'malire, nkhondo yake imakhala yoti ena amafera pomwepo.

Zonsezi zikutikhudza pa nyengo ya chilimwe, pamene anyamata amatentha tchire n'kuyenda ndi agalu, enanso akugumula chulu kuti aumbe njerwa. Galu akagwira msulu wamkulu mmodzi, mwana amene ankadalira iyeyo akhoza kusowa chakudya chokwanira, ngakhale mayi ake ali moyo. Ndipo chulu chikagumulidwa pamene ana akadali m'kati, amene amafa si ana a mayi mmodzi, koma ana onse a gululo a nyengo imeneyo.