Nyumba yopanda siling'i imadyera ndalama mwini wake

Ndili Fomu 2, bambo anafolera nyumba yathu ndi malata. Tinanyadira zedi. Koma Okutobala atafika, masana tonse timathawira kwa agogo, m'kanyumba kawo kaudzu, poti kwathu kunali ngati mu uvuni. Mu Juni zinatembenuka: usiku kuzizira, m'mawa madzi n'kumadontha kuchokera ku malata ngakhale mvula isanagwe. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti imeneyi ndi Physics yeniyeni.

Nkhani yake ili motere. Chitsulo chimadutsitsa kutentha mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 2,000 kuposa mpweya wongokhala osayenda. Izi ndi zija m'kalasi mumazitcha conduction. Masana malata amamwa kutentha kwa dzuwa n'kukulavulira m'nyumba. Usiku mpweya wofunda wa m'nyumba umakwera m'mwamba, n'kugunda malata ozizira, kutentha kwake n'kutulukira kunja. Chinyezi cha mumpweyawo chimasanduka timadontho, ndiwo madzi aja amatidonthera. Udzu wa agogo uli ndi timipata tambirimbiri tosunga mpweya, ndiye kutentha kumavutika kudutsa. Siling'i naye amagwira ntchito yomweyo: amatsekera mpweya pakati pa malata ndi chipinda, ngati bulangete la nyumba.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi chilungamo? Tiyerekeze mabanja awiri. Lina limapeza K100,000 pamwezi, lina K1,000,000. Onse amagula makala a K20,000. Banja loyamba lataya 20 peresenti ya ndalama zake, lachiwiri 2 peresenti yokha. Komanso nthawi zambiri losaukalo ndilo limakhala m'nyumba yopanda siling'i, yofuna moto wambiri kuti ifunde. Wochepekedwa ndiye amalipira kwambiri, chonsecho ndalama yokonzera nyumbayo alibe.

Ku South Africa anayesapo kuthana ndi vutoli. Ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, kuli dera lotchedwa Kuyasa, kumene boma linamangira anthu osauka tinyumba ting'onoting'ono topanda siling'i. Kumeneko miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kumazizira kwinaku mvula ikugwa. Abale athu amene anapita kukagwira ntchito ku Cape Town angakuuzeni. Mabanja ambiri ankadalira mbaula za palafini, zomwe zimadya ndalama, zimaipitsa mpweya wa m'nyumba, ndipo zikagwa zimayatsa moto.

Pulojekiti ya Kuyasa inalembetsedwa mu 2005 pansi pa ndondomeko ya United Nations yochepetsa mpweya wotenthetsa dziko, ndipo inali yoyamba ya mtunduwu m'dzikolo. M'nyumba zoposa 2,300 anaikamo zinthu zitatu: siling'i wotchinga kutentha, thanki yotenthetsa madzi ndi dzuwa padenga, ndi mababu osadya magetsi ambiri. Mbali yaikulu ya ndalama inachokera ku boma, poti eni nyumbawo sakanakwanitsa paokha.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti ntchitoyo sanangoipereka kwa anthu obwera. Anaphunzitsa anthu a ku Kuyasa komweko kukhoma siling'i, kulumikiza mapaipi ndi kukonza mawaya, n'kuwalemba ntchito. Izi ndi zimene amati green jobs, ntchito zopezera ndalama kwinaku ukuteteza chilengedwe. Taganizani: ndalama imene inkathera ku palafini ikutsala m'thumba, malipiro a amisiri akugulira zinthu m'magolosale a m'dera lomwelo, ndipo thanki ikayamba kudontha, woikonza ali pakhomo lachitatu. Koma pali chenjezo. Ntchito yoika zipangizo imatha nyumba zikatha. Chotsalira kwa munthu ndi luso, ndiye maphunzirowo ayenera kukhala enieni, osati ongopatsira munthu hamala.

Kwathu kuno chitsanzo chofanana ndi Chitetezo Mbaula. Ndi yadothi, ndipo ambiri oiumba ndi magulu a amayi a m'midzi. Dothilo limatchinga mphepo ndi kusunga kutentha pafupi ndi poto, motero nkhuni zimapita zochepa poyerekeza ndi mafuwa. Wogula wapulumutsa nkhuni, woumba wapeza ya sopo ndi ya fizi.

Tsopano kayeseni nokha. Pezani makatoni awiri ofanana, muvindikire lililonse ndi kachidutswa ka lata. Pansi pa lata la katoni imodzi ikanipo chikatoni china, musiye mpata wa zala zitatu pakati pake. Aikeni padzuwa kwa ola limodzi, kenaka muyeze m'kati ndi thermometer ya ku labu, kapena mungopisamo dzanja. Samalani, latalo limaotcha. Mukapeza kusiyana kwake, kayang'aneni denga la kalasi yanu, muwerengere ndi anzanu kuti pangafunike siling'i wa masikweya mita angati, komanso mmisiri wa m'dera lanu amene angamukhome ndani.