Washington Ikalamula, Zigawo N'kukana: Zoona Zake pa Nkhani ya Opanda Mapepala ku America

Munthu akamaonera pa foni makanema a ku Los Angeles kapena ku Chicago, amaona amuna obisa nkhope akukankhira munthu m'galimoto yopanda chizindikiro, kenako n'kumva bwanamkubwa wa chigawocho akunena poyera kuti apolisi ake salowerera nawo ntchito imeneyo. Kwa ife amene tinazolowera polisi imodzi yomvera likulu limodzi la ku Area 30, mutu umaima. Ena amati abwanamkubwawo agalukira boma ndipo ndi ofunika kumangidwa. Ena amati m'mizinda yotereyo munthu wopanda mapepala angathe kugona tulo tofa nato. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, koma achiwiriwo ndiwo oopsa, chifukwa alipo abale athu amene viza inawathera ali komweko ndipo akuwakhulupirira.

Tiyambe ndi zoti pulezidenti akalamula, wapolisi aliyense m'dzikomo ayenera kuyankha kuti "inde bwana". Si choncho ayi. America ili ndi nthambi za polisi pafupifupi 18,000. Mkulu wa polisi ya mumzinda amaikidwa ndi akuluakulu a mzindawo. Sheriff, amene amayang'anira ndende ya m'dera, m'malo ambiri amachita kuvoteredwa ndi anthu. Onsewa sanalembedwe ntchito ndi Washington. Kugwira ndi kubweza kwawo anthu okhala m'dziko popanda chilolezo ndi udindo wa boma lalikulu, kudzera mu nthambi ya ICE yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, ndi Border Patrol ya m'malire.

Khoti la Supreme Court linagamula kalekale kuti boma lalikulu silingatume antchito a zigawo mokakamiza. Mlandu wodziwika ndi wa mu 1997, ndipo sunkakhudza alendo m'pang'ono pomwe. Ma sheriff awiri, Jay Printz wa ku Montana ndi Richard Mack wa ku Arizona, anakana ntchito yofufuza mbiri ya anthu ogula mfuti imene lamulo la boma lalikulu linawasenzetsa. Anapambana, ndipo amene analemba chigamulocho ndi Antonin Scalia, woweruza yemwe otsatira chipani cha Republican amamulemekeza kwambiri. Chigamulo chomwecho ndicho chimene California ndi Illinois akutsamira lero. Mizu yake ndi yakuya kuposa apa: mu 1842, pa nkhani ya akapolo othawa, khotilo linanena kuti lamulo lowabweza kwa eni ake ndi la boma lalikulu, koma zigawo sizikakamizidwa kupereka antchito ake kuti akawasake. Zigawo zina za kumpoto, monga Massachusetts, zinagwira pomwepo n'kuletsa ndende zake kusungamo akapolo ogwidwa.

Nanga zoti mizinda yotchedwa sanctuary ndi malo amene ICE siingafikeko? Tiyerekeze munthu amene wagwidwa akuyendetsa galimoto ataledzera ku San Francisco. Akafika naye kupolisi amamudinda zala pa makina. Zidindozo zimapita ku FBI, ndipo FBI imazipatsira ku unduna wa Homeland Security, umene ICE ili pansi pake. Dongosolo limeneli linayamba mu 2008, ndipo palibe mfumu ya mzinda imene ingalitseke. ICE ikaona kuti munthuyo ili naye ntchito, imatumiza kundendeko pepala lopempha kuti amusungebe kwa maola osapitirira 48 kuchokera pa nthawi imene amayenera kutuluka. Mkangano wonse wagona pa pepala limeneli. Mzinda wa sanctuary umati: wasaina pepalali ndi mkulu wa ICE, si woweruza ayi, munthuyu wapereka belo, ife tikumutsegulira chitseko. Basi, chitetezo chonse n'chimenecho. ICE ikhoza kumudikirira panja pa geti, kumutsata kuntchito, kapena kumupeza pamalo oimika magalimoto m'mawa akupita kukasiya mwana kusukulu. Wapolisi wa mumzinda amene angayese kuwatchingira njira, mlandu ugwera iyeyo.

Ndipo kachitetezo kochepako sikayenda ndi munthu. Texas inakhazikitsa lamulo mu 2017 loletsa mizinda yake kukana mapempho a ICE, ndipo Florida inatsatira mu 2019. Ma sheriff ambiri anasainira mgwirizano wotchedwa 287(g), wochokera mu lamulo la 1996, umene umapatsa apolisi awo zina mwa mphamvu za ICE. Munthu wonyamuka ku Chicago kupita kukachezera abale ku South Bend, komwe kuli Amalawi ambiri, pasanathe maola awiri amakhala walowa mu Indiana, chigawo chimene chimaletsa ndondomeko za sanctuary. Msewu ndi womwewo, koma wapolisi amene angamuimitse akuyendera malamulo ena.

Otsutsa amati mizinda ya sanctuary imabisa zigawenga. Nkhawa yawo siyenera kupeputsidwa. Mu 2015 mtsikana wina, Kate Steinle, anafa ndi chipolopolo ku San Francisco, ndipo mfutiyo inali m'manja mwa munthu amene anali atabwezedwapo kwawo kangapo, yemwenso ndende ya mzindawo inamutulutsa ngakhale ICE inali itapempha kuti amusunge. Banja loferedwa silingatonthozedwe ndi ziwerengero. Komabe tione kumene ndondomekoyi inachokera. Ku Los Angeles inayamba mu 1979, ndipo amene anailamula ndi mkulu wa polisi Daryl Gates, munthu wodziwika ndi nkhanza pa zigawenga, osati ndi chifundo. Iye anaona kuti mayi amene akumenyedwa ndi mwamuna wake sangaimbire apolisi ngati akudziwa kuti funso loyamba likhala la mapepala, ndipo mboni imene yaona kuphedwa kwa munthu ingotseka pakamwa. Dera likayamba kuopa apolisi, amene amapindula ndi wakuba. Ku Illinois lamulo lotere analisainira mu 2017 ndi bwanamkubwa wa Republican, Bruce Rauner. Lamulo la California la chaka chomwecho limalola ndende kupereka kwa ICE anthu amene anapezeka olakwa pa milandu yambiri ikuluikulu. Palinso nkhani ya ndalama: mu 2014 khoti la boma lalikulu ku Oregon linapeza dera la Clackamas lolakwa chifukwa chosunga mayi wina m'ndende pongodalira pempho la ICE. Madera ambiri anasiya kumvera mapemphowo poopa kulipitsidwa, osati chifukwa cha ndale.

Pa zoti opanda mapepala ndiwo achulukitsa umbanda, umboni wabwino unachokera ku Texas komweko, chifukwa kumeneko amalemba ngati womangidwa ali ndi chilolezo kapena ayi. Kafukufuku wa Michael Light ndi anzake, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti opanda mapepala amamangidwa pa milandu ikuluikulu mochepa poyerekeza ndi obadwira m'dzikomo. Ine sindidabwa nazo. Munthu amene akudziwa kuti kulakwa pang'ono kungamukwezetse ndege amayenda mosamala ngakhale pamsewu.

Tsono wina angati, ngati zigawo zili ndi ufulu wokana, ndiye kuti zilinso ndi ufulu wopanga malamulo akeake othamangitsira alendo. Ayi ndithu. Arizona inayesa mu 2010 ndi lamulo la SB 1070. Mu 2012 Supreme Court inagwetsa ndime zitatu mwa zinayi zimene zinali pa mlandu, n'kusiya yokhayo yolola wapolisi kufufuza za mapepala a munthu amene wamuimitsa kale pa chifukwa china. Khotilo linakumbutsanso mfundo imene ambiri saidziwa: kungokhala m'dzikomo chilolezo chitatha si mlandu waupandu. N'chifukwa chobwezera munthu kwawo, inde, koma n'kosiyana ndi kudumpha malire mozemba, komwe ndi mlandu. Texas nayo, pansi pa bwanamkubwa Greg Abbott, inayamba ntchito ya Operation Lone Star mu 2021, n'kuyala waya waminga m'mphepete mwa mtsinje wa Rio Grande. Mu Januwale 2024 asilikali a chigawocho anatseka paki ya Shelby mu tauni ya Eagle Pass, n'kuletsa a Border Patrol kulowamo. Mwezi womwewo Supreme Court, ndi mavoti 5 kwa 4, inalola a boma lalikulu kudula wayayo. Nthawi imeneyo pulezidenti anali Joe Biden, ndipo amene ankafuula za ufulu wa zigawo anali a Republican. Mpando utasintha, mawu omwewo anasamukira pakamwa pa a Democrat. Amene akuganiza kuti chipani china ndicho chokonda ufulu wa zigawo sanayang'anitsitse.

Yatsala nkhani ya asilikali, ndipo imeneyi ndiyo imandidetsa nkhawa koposa. Gulu la National Guard la chigawo chilichonse limamvera bwanamkubwa, koma malamulo amalola pulezidenti kulitenga pa zifukwa zina. Dwight Eisenhower anatero mu 1957 ku Little Rock, kuti ana akuda alowe m'sukulu imene bwanamkubwa Orval Faubus ankawatsekera. Mu Juni 2025 Donald Trump anatenga asilikali otere pafupifupi 4,000 a ku California, n'kuwonjezapo a Marines 700, kuwatumiza ku Los Angeles kumene anthu ankachita zionetsero zotsutsa ICE, bwanamkubwa Gavin Newsom akukana. Kanali koyamba kuchokera mu 1965 kuti pulezidenti achite zimenezi bwanamkubwa asanapemphe. Koma kutenga asilikali sikupereka chilolezo chowasandutsa apolisi. Lamulo la Posse Comitatus la mu 1878 limaletsa zimenezo, pokhapokha lamulo lina litaloleza. Msilikali amaphunzitsidwa kuthana ndi mdani, osati kufunsa mayi wogulitsa zipatso kuti aonetse chiphaso. Mu Seputembala 2025 woweruza Charles Breyer anagamula kuti zimene zinachitika ku Los Angeles zinaphwanya lamulolo, ndipo boma linachita apilo. Mu Disembala chaka chomwecho Supreme Court inakana pempho la boma loti lilowetse asilikali a National Guard m'misewu ya Chicago.