Wodwala Mutu wa pa Lobi Ali ndi Kwawo

Mwana wa mlongo wanga, amene tinamutumiza kusukulu ku Kuala Lumpur ndi ndalama za mbatatesi, anabwera kutchuthi m'nyengo yachisanu maso ake atasintha. Tikudutsa pamsika wa Lobi anaona bambo wina akudzilankhulira yekha pafupi ndi ogulitsa kabichi, ndipo anapukusa mutu. "Amalume, ku Malaysia simungaone zotere. Munthu ngati uyu amakhala kuchipatala. Ife kuno tidakali kumbuyo." Sindinamuyankhe pamaso pa anthu, koma mawuwo anandiima pakhosi.

Bambo amene mphwangayo ankamumvera chisoni si munthu wotayika. Amayi ogulitsa zitumbuwa samuitana kuti wamisala, amamuitana ndi mfunda wake, ndipo iye amayankha. Aliyense pamsikapo amadziwa mudzi wa amayi ake, amadziwanso mlongo wake amene amamusungira nsima madzulo. Mutu ukayamba kumuvuta, anyamata a kabaza ndiwo amathamanga kukauza abale. Akatola tomato wa eni osalipira, nkhani sipita kupolisi: mwini mbumba amaitanidwa kwa anyakwawa, napepesa, nalipira. Kumaliro amakhala pakati pa amuna anzake, amathandiza kuwaza nkhuni, ndipo mbale ikamazungulira salumphidwa. Miyezi imene ali bwino mumamupeza kudimba akuthirira anyezi, mizere yake yowongoka kuposa ya ena amene timawayesa anzeru.

Amene anagonapo kuno m'mwezi wa June amadziwa kuti chisanu cha ku Dedza sichiseka ndi munthu. Chaka china bamboyu anakana kugona m'nyumba, akuti makoma akumunong'oneza. Wokazinga tchipisi wina, amene si mbale wake konse, ankasiya makala osazima pachiwaya kuti munthuyo awothe, ndipo amayi a kumpingo anamugulira bulangete pakaunjika. Palibe anakhala pansi kupangana zimenezi. Kuno munthu ndi wa mbumba yake, ndipo kudwala sikumuchotsa m'kaundula wa abale.

Tsono za ku Malaysia. Sindikana, dzikolo ndi la ndalama, la mafuta a pansi ndi a kanjedza, ndipo madokotala ali nawo ambiri. Koma misewu ikakhala yopanda odwala, funso langa ndi lakuti odwalawo ali kuti. Atsamunda Achingerezi anamanga chipatala chachikulu cha odwala misala ku Tanjung Rambutan, pafupi ndi mzinda wa Ipoh, m'chaka cha 1911, ndipo anthu zikwizikwi anatsekeredwa mmenemo, ena mpaka imfa. Malowo anasanduka chitonzo, moti boma linachita kusintha dzina la chipatalacho kukhala Hospital Bahagia, koma mpaka lero wofuna kunyoza mnzake amangomuuza kuti kwawo ndi ku Tanjung Rambutan. Kafukufuku wa boma lawo wa mu 2015 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 29 pa 100 alionse anali ndi vuto la m'maganizo. Ambiri amabisa, poopa kuti mwana wamkazi sakwatiwa kapena kuti bwana akamva ntchito itha. Ndipo mphwanga asandinamize kuti kumeneko kulibe asing'anga. Alipo, amawatcha bomoh, ndipo mabanja ambiri amayamba kwa iwo kukatulutsa ziwanda asanaganize zachipatala, ngakhale ali ndi galimoto pakhomo.

Chimodzi ndiwayamikire: mu 2023 nyumba yawo ya malamulo inavomereza kuti munthu woyesa kudzipha asamatengedwenso ngati chigawenga. Lamulo lakalelo, lomanga munthu amene akufunika thandizo, tonsefe anatisiyira ndi Mngerezi yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti maiko amene anatiphunzitsa kutsekera odwala anayamba kale kubwerera m'mbuyo. Ku Italy anakhazikitsa lamulo mu 1978 lotseka zipatala zikuluzikulu za misala, kutsatira ntchito ya dokotala Franco Basaglia. Ku Belgium kuli tauni ya Geel kumene kwa zaka mazanamazana mabanja akhala akulandira odwala m'nyumba zawo, kudya nawo ndi kugwira nawo ntchito, ndipo akatswiri amakwera ndege kukaona chozizwitsacho. Akanangobwera ku Lobi! Ngakhale muno mu Africa, ku Nigeria, dokotala Thomas Adeoye Lambo anayamba mu 1954 kugoneka odwala m'midzi ya Aro limodzi ndi abale awo, masana okha n'kumapita kuchipatala. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa ndi maganizo, ndipo njirayo yafika mpaka ku New York. Agogo athu akhala akuchita zimenezi pakhonde kuyambira kale, popanda wowajambula chithunzi.

Koma ndisadzitame mopitirira, pakuti pali zathu zimene zimandikwiyitsa. Munthu akangoyamba kuzungulira mutu, chigamulo chimatuluka tsiku lomwelo. Akakhala mnyamata, ndi chamba. Akakhala wa geni, anaphonya chizimba pokhwimira chuma. Akakhala mtsikana wanzeru kusukulu, amulodza azakhali ake a nsanje, ndipo gogo wina wosalakwa amayamba kulozedwa zala. Mayi amene wasokonezeka atangobereka amamuthamangitsira kumapemphero a usiku, pamene matendawa ali ndi mankhwala ake. Wa khunyu akagwa pamoto ena amaopa kumugwira, akuti thovu lake limapatsira, chonsecho khunyu sapatsirana. Mbuzi zimatha m'khola kulipira maula, ndipo pofika kuchipatala papita chaka. Ndinaonapo mnyamata atamangidwa chingwe pamtengo wa pakhomo, manja atatupa. Amayi ake sanali ankhanza. Ankalira, koma analibe njira ina yomutetezera kuti asathawire kumalire a Mozambique.

Apa m'pamene pagona nkhani yathu. Chimene chikusowa ku Lobi si mtima ayi, ndi mankhwala ndi anthu odziwa kuwapereka. Chithandizo cha odwala misala m'dziko muno chinayambira m'ndende ya Zomba mu 1910, chipatala chenicheni n'kutsegulidwa mu 1953, ndipo kwa zaka zoposa 70 tinayendera lamulo la atsamunda la 1948. N'chifukwa chake mawu oti "apite ku Zomba" amamveka ngati chilango. Kuchoka kuno, wodwala ayenera kudutsa Thete, Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, kutali ndi aliyense womudziwa mfunda. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo amagwira ntchito yotamandika, koma mlimi wa nyemba sangawafikire mwezi ndi mwezi.

Komatu zofunika sizambiri. Mapiritsi monga chlorpromazine ndi haloperidol ndi akalekale, otsika mtengo. Palinso jakisoni wobaya kamodzi pamwezi, amene amathandiza munthu woiwala kumwa mapiritsi. Vuto n'lakuti wodwala amayenda mtunda wautali n'kukauzidwa kuti mankhwala atha, ndipo akadukiza milungu ingapo matenda amabwerera mwamphamvu, abale n'kunena kuti zachipatala zalephera, tibwerere kwa sing'anga. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi sikelo ya ana akhoza kuphunzitsidwa kuzindikira matendawa msanga, monga momwe anaphunzirira za chifuwa chachikulu. Namwino wa matenda a m'maganizo atamafika kuzipatala zing'onozing'ono pa tsiku lodziwika, dzinja ndi chilimwe chomwe, atanyamula mankhwala okwana, chingwe chija chingabwerere kukhola. Zogona, zakudya ndi woyang'anira wodwala boma silingalipire kalikonse, chifukwa mbumba inasenza kale zimenezo.