Chimbudzi ndi Bafa Zikabweza Madzi: Kupeza Pamene Pali Bvuto

Inu eni nyumba a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mudziwa chimene chichitika pa Chiromo mvula ikachuluka ku mapiri a Mulanje. Mtsinje wa Ruo utsika ndi mphamvu, nutsekereza Shire pamene ikomana iwiriyi. Ndipo madzi a Shire, posowa kopita, abwerera m'mbuyo nadzaza madambo ndi minda. Madzi aoneka m'munda, koma chowatseka chili kutsogolo. Chimbudzi ndi bafa zichita chimodzimodzi. Chifukwa chake musafulumire kutenga khasu kapena kuitana mmisiri musanadziwe kumene madziwo achokera, pakuti ambiri ataya ndalama pokonza malo amene sanaonongeke.

Tiyambe ndi chimbudzi chokumba, popeza ndicho chili pa makomo ambiri. Dulani nsungwi yaitali, muitsitse pa chiboo kufikira pansi m'mawa, nimuitulutse, nimuleme ndi mpeni pamene palekeza kunyowa. Muchite chomwecho masiku anai kapena asanu. Nsungwiyo isalowe m'nyumba, ndipo musambe m'manja ndi sopo kapena phulusa mukatha. Ikatuluka ndi zonyansa zolimba, ndipo zatsala pang'ono, ngati theka la mita, kuti zifike ku mitanda, dzenje ladzala basi. Palibe mankhwala ake. Likwirireni ndi dothi lambiri, mubzalepo nthochi kapena papaya, nimukumbe lina. Musafukule zaka 2 zisanathe, pakuti mazira a njoka za m'mimba safa msanga.

Koma nsungwi ikatuluka ndi madzi okhaokha, penyani nthawi imene akwera. Akakwera tsiku lomwe mvula yagwa, natsika patapita masiku owerengeka, alowera pamwamba. Zungulirani chimbudzicho mvula ili kugwa, ngakhale munyowe. Mudzapeza denga lodontha, kapena una wa khoswe m'mbali mwa khoma, kapena bwalo lotsetserekera komweko. Folerani denga, tsekani una ndi dothi lotsendera, nimukumbe kangalande kumtunda kwake kopatutsa madzi. Nchito ya tsiku limodzi imeneyo.

Bvuto lalikulu ndi ili: madzi akwera pang'onopang'ono ngakhale pa mudzi panu sipanagwe mvula, nakhala masabata osatsika. Pitani mukasuzumire m'chitsime chapafupi. Mukaona kuti namonso akwera, dziwani kuti madzi a m'dzenje lanu atumphuka pansi, ndipo iwo ndi a m'chitsime ali madzi amodzi. Chigwa chino nchotsika, madzi a pansi ali pafupi, makamaka ku Makhanga ndi m'midzi yoyandikana ndi madambo. Kukapa dzenje lotere ndi ndowa nkungodzibvuta, mawa lidzadzalanso. Cholakwa chinachitika tsiku lokumba. Munthu akumba m'mwezi wa Okotobala, nthaka ili youma gwa, nakondwera kuti wafika mamita 3 osaona chinyezi. Pofika Febuluwale theka la dzenjelo lili m'madzi.

Nthaka nayonso iyenera kufunsidwa. Makande akuda a ku Ngabu, amene thonje liwakonda, ang'ambika m'chilimwe, koma akanyowa afufuma natseka ming'alu yonse, ndipo dzenje lisunga madzi monga mtsuko. Yesani chotere: kumbani kadzenje kakuya ngati mkono, mukadzaze madzi kawiri kuti dothi likhute, nimukadzazenso madzulo. Mukawapeza m'mawa ali chikhalire, nthaka imeneyo siimwa, ndipo simuyenera kuthira dontho la madzi osamba m'chimbudzi chanu. Mchenga wa m'mbali mwa mtsinje uli ndi khalidwe lina: umwa msanga, koma ugumuka. Mukaona mng'alu pansi pozungulira khoma, kapena mitanda yapendekeka, kapena chitseko chayamba kukana kutsekeka, letsani ana kulowamo tsiku lomwelo.

Za bafa nzapafupi. Madzi akaima pa mapazi, kawirikawiri chatseka ndi mchenga wotsukira mapoto, tsitsi ndi thobvu la sopo pa kabowo kotulukira. Kamtengo kachotsa zimenezi. Kabowo kakakhala koyera koma madzi achita thamanda kuseri, ndiye kuti miyala ya m'dzenje lomwetsa madzi yamatidwa ndi mafuta a sopo. Ifukuleni, muitsuke kapena muikemo ina. Pa makande nkwabwino kutsogolera madziwo ndi ngalande kufikira pa phata la nthochi, zimene zidzawamwa ndi kukubwezerani mkoko, kusiyana ndi kuwasiya aswe udzudzu pakhomo.

Tsono ena a inu mukhala m'nyumba za mipope, ku Nchalo, ku Bangula kapena pa boma, kapena muli ndi mwana wokhala m'nyumba yotere. Lamulo ndi lomwe lija la pa Chiromo. Pakakhala malo amodzi okha amene madzi achedwa kutsika, chotseka chili pafupi pomwepo. Koma mukagwetsa madzi m'chimbudzi, nimumva kubwebweta m'bafa, kapena zonyansa zitulukira pansi posambira, pamene pali potsikitsitsa m'nyumba, chotseka chili mu mpope waukulu wa kunja, kapena thanki yadzala. Tukulani chibvundikiro cha kadzenje koyang'anira mpope kamene kali kuseri kwa nyumba, wina nathire ndowa ya madzi m'chimbudzi inu muli kupenya. Kadzenjeko kakakhala kouma, madzi osafika, chotseka chili pakati pa iko ndi nyumba. Kakakhala kodzala, chili kutsogolo, cha ku thanki. Chimene waya atulutsa kawirikawiri ndi zitsononkho, nsanza, matewera, majumbo ndi mizu ya mtengo wobzalidwa pafupi ndi mpope. Bvuto likadza m'dzinja mokha, nilitha m'chilimwe, mpope ulibe mlandu. Nthaka ndiyo yakhuta. Ndipo munthu asalowe m'thanki, ngakhale kuweramiramo mutu, pakuti mpweya wa m'menemo ukomola munthu asanapfuule, ndi womtsata kukampulumutsa yemwe.

Musayese kuti nkhani iyi ndi ya pfungo lokha. Munaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndi a mu Malichi 2019, ndi a namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndi a Freddy mu Malichi 2023, mmene anagwetsera zimbudzi ndi kusakaniza zam'katimo ndi madzi akumwa. Kolera imene inabuka mu Malichi 2022 inafika msanga ku Nsanje, nifalikira m'dziko lonse, nipha anthu oposa 1,700. Chimbudzi chikasefukira pabwalo, wazanipo laimu kapena phulusa lambiri, nimukwirire ndi dothi. Nkhuku ndi ana asayendepo. Madzi akumwa muwawiritse, kapena muthiremo klorini monga adzakuuzani mlangizi wa zaumoyo. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, mummwetse Thanzi ORS muli pa ulendo wa ku chipatala, osadikira kuti kuche.

Pokumba chatsopano, yesani madzi a m'chitsime kumapeto kwa dzinja, pamene ali pamwamba penipeni, nimulembe muyesowo. Pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi amenewo, ndipo dzenje litalikire chitsime kapena mjigo mamita 30, kumunsi kwake. Kumene madzi ali pafupi kwambiri, kumbani losaya, nimukweze chimbudzi pa mulu wa dothi lotsendera, makoma a dzenje omangidwa ndi njerwa. Pa mchenga, njerwa zikasowa, lukani nsungwi monga muluka nkhokwe, nimuitsitse m'dzenje kuti igwire dothi. Ikani chibvundikiro chokhala ndi chogwirira pa chiboo, chifukwa cha nchenche.