Anapita Kukaotcha Tenti, Anabwerako Mlaliki

Mukanakumana ndi Stephen Lungu mu 1962 m'misewu ya Highfield ku Salisbury, komwe lero timati Harare, bwenzi mutapatuka msanga. Mnyamata ameneyu anabadwa mu 1942, bambo ake ochokera ku Nyasaland. Mayi ake anamuthawa akadali wamng'ono, kumusiya ndi mng'ono wake ndi mlongo wake. Kwa achibale sanakhalitseko. Anayamba kugona kunsi kwa mlatho, chakudya n'kumatola m'mabini a azungu. Kuwerenga sankadziwa. Chomwe ankadziwa bwino ndi mpeni, ndipo iye ndi anzake anapanga gulu lachiwembu lotchedwa Black Shadows.

Tsiku lina madzulo anyamatawa ananyamuka ndi mabomba a petulo kukaphulitsa banki. Panjira anaona chitenti chachikulu cha a Dorothea Mission, anthu ali thithithi, nyimbo zili pakamwa. Basi mapulani anasintha: ayambe aotcha kaye akhristuwa! Stephen analowa n'kukakhala kumbuyo, thumba la mabomba lili m'manja, kudikira nthawi.

Apa ndiye poseketsa. Amene anabwera kudzayatsa moto ndi amene anapsa mtima ndi ulaliki. Abusa a Shadrach Maloka, ochokera ku South Africa, analalikira za uchimo ndi mphatso yaulere ya Mulungu, misozi ili chuchuchu. Stephen anaona ngati chala cha mlaliki chikuloza iye yekha. Anadzuka n'kupita kutsogolo, mabomba ake ali pomwepo, n'kukagwira miyendo ya abusa akulira. Kunja chipolowe chinabuka, anthu ali balalabalala, koma awiriwa anapitiriza kucheza. Abusawo anamuuza kuti nawonso anatayidwa ndi mayi awo ali khanda, ndipo anamuonetsa Salimo 27, pomwe pali lonjezo loti Mulungu amatola mwana amene makolo amutaya.

M'mawa mwake Stephen anakadzipereka yekha kupolisi n'kuulula zonse. Mwaganiza kuti anamutsekera? Ayi ndithu! Atamufunsa mafunso kwa nthawi yaitali anamumasula, ndipo wapolisi wina anapisa m'thumba n'kumupatsa ndalama yogulira Baibulo. Munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi anatuluka kupolisi n'kukagula buku! Anayamba kulalikira m'mabasi zomwe zinamuchitikira, mpaka mmishonale wina, a Hannes Joubert, anamutenga n'kumuphunzitsa kuwerenga ndi kulemba.

Koma chisomo chikalowa m'nyumba sichithera pabalaza, chimafuna kuona ndi kuchipinda komwe. Chipinda chomwe a Lungu anakiya zolimba chinali cha makolo awo. Kulalikira za chikhululukiro pamaso pa khamu kunali kosavuta. Nanga kukhululukira mayi amene anakusiya ukulira ndi njala?

Patapita zaka zambiri, atamaliza kulalikira pa msonkhano wina, mayi wina wachikulire, wooneka kuti moyo wamuzunza, anabwera kutsogolo. Anali atamva mbiri yonse ya mlalikiyo, ya mwana wotayidwa ndi ya pansi pa mlatho, ndipo anazindikira kuti mwana akunenedwayo ndi wake. Anawauza a Lungu kuti ndi mayi awo. Mkwiyo wonse wa paubwana unabwerera nthawi yomweyo. Apa a Lungu anaona kuti Mulungu yemwe anawalandira ali ndi mabomba m'manja, osawafunsa dipo, akuwapempha kuti nawonso alandire mayi awo chimodzimodzi. Sizinali zophweka, koma anakhululuka, ndipo mayiwo anapereka moyo wawo kwa Yesu kudzera mwa mwana yemwe anamutaya uja.

Nkhani sinathere pomwepo. Bambo awonso, omwe sanawalere, atakalamba anakakhala pakhomo pa a Lungu, ndipo a Lunguwo ndi akazi awo a Rachel anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Amene sanapatsidwe nsima ali mwana ndi amene ankadyetsa nkhalamba. Akuluakulu anati chibale n'fupa sichiola, koma fupa ili linali litathyoka, ndipo analilumikiza ndi Mulungu.

Mu 1982 a Lungu analowa bungwe la African Enterprise lomwe anayambitsa a Michael Cassidy. Anatsogolera ntchito yake kuno ku Malawi, kenako anadzakhala mkulu wa bungwe lonselo, kulowa m'malo mwa a Cassidy. Analalikira m'mayiko ambirimbiri, ndipo mbiri yawo inalembedwa m'buku la Out of the Black Shadows. Anamwalira mu 2021 ndi matenda a Covid-19.

Ndiye ngati pali munthu amene munalumbira kuti simudzamulonjeranso mpaka kumanda, chenjerani nazo misonkhano yachitsitsimutso. Mungapite kukangoonerera, n'kubwerako mukufunsa anthu nambala yake ya foni!